Kodi Mpira Ungakhale Ntchito ya Mwana Wathu Wamkazi?

Ife amayi a kuno ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga m'boma la Chitipa, tili ndi funso loti tilingalire pamodzi. Ana akaweruka kusukulu timaona atsikana akuthamangitsa chikulunga pabwalo, ena opanda nsapato, pamene ndowa ndi mtondo zikuwadikira kunyumba. Ambiri a ife timawakalipira. Koma masiku ano kukukhazikitsidwa matimu a mpira wamiyendo wa amayi amene amalipira osewera ake. Tsiku lina munthu adzaodira pakhomo pathu kudzapempha mwana wathu kuti akasewere. Tidzamuyankha chiyani?

Nkhaniyi si yakutali ayi. M'mwezi wa Disembala 2020, mumzinda wa Kansas City ku America munakhazikitsidwa timu yatsopano ya amayi imene pambuyo pake inatchedwa Kansas City Current. Eni ake anaimangira bwalo lakelake, lokhalamo anthu 11,500, ndipo linatsegulidwa mu Malichi 2024. Chaka chomwecho timuyi inatenga Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi, boma loyandikana nafe. Iye anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya dzikolo ndipo anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa onse mu 2024 komanso mu 2025. Mkulu wake, Tabitha, wasewerapo ku Sweden, China, Italy ndi France. Kwathu kuno, timu ya dziko lino ya Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itagonjetsa Zambia 2-1, ndipo mu 2025 kunayamba ligi ya amayi ya dziko lonse.

Komabe mantha athu tisawabise. Ambiri a ife tinakula pansi pa lamulo la 1973 limene linkaletsa mayi kuvala thalauzi kapena siketi yaifupi, choncho kuona namwali atavala kabudula pagulu kumatichititsa manyazi. Timaopanso kuti sukulu idzasiyidwa. Choopsa kwambiri n'chakuti mwana akapita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe amakakhala m'manja mwa anthu amene sitikuwadziwa. Manthawa ali ndi maziko. Mu 2021 Tabitha yemweyo anauza atolankhani kuti ali mtsikana anavulidwapo zovala pa masewero kuti anthu atsimikize ngati analidi wamkazi. Ndi mayi uti angamve zimenezi mtima osamupweteka?

Tsono ena amati njira yabwino ndi kungomuletsa mwanayo basi. Apa tiyeni tikumbukire fanizo la matalente pa Mateyu 25:14-30. Wantchito amene anakwirira ndalama ya mbuye wake sanali mbala kapena chidakwa. Anali munthu wamantha, ndipo ankaganiza kuti kukwirira ndiko kusunga. Mbuye wake sanamuyamikire. Ngati timavomereza kuti mawu okoma a mtsikana wa m'kwaya ndi mphatso ya Mulungu, tingakane bwanji kuti liwiro la miyendo ya mng'ono wake lachokera kwa Mulungu yemweyo? Mphatsoyo si yathu. Ife makolo tangosungitsidwa, ndipo tidzafunsidwa zimene tinachita nayo.

Tidzifunsenso moona mtima: kodi mtsikana amene tamuletsa mpira timamuteteza ku chiyani? Ngakhale kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, m'midzi yathu tikuonabe ana akubereka ana anzawo. Ambiri a iwo sanakankhepo mpira n'kamodzi komwe. Choipa chimene timachiopa kubwalo chimapezekanso panjira ya kuchigayo, ngakhale m'nyumba zathu zomwe. Amene anavula Tabitha ndiwo analakwa, osati mwana amene ankasewera. Tikamuletsa mtsikana chifukwa cha tchimo la akuluakulu, ndiye kuti talanga wosalakwa, olakwawo tawasiya.

Izi sizikutanthauza kuti tizingovomera aliyense wobwera ndi yunifolomu ndi malonjezo. Zoona zake n'zakuti mwa atsikana ambirimbiri amene akusewera, ochepa okha ndiwo adzafike pamene afika ana a kwa Chawinga. Ngakhale iwowo, ntchito ya mpira ndi ya zaka zowerengeka, ndipo bondo likhoza kuvulala tsiku lililonse. Timu imene imatulutsa mwana m'kalasi ndi kudzamubweza opanda satifiketi yamudyera masuku pamutu, ngakhale itamugulira nsapato zokongola bwanji.

Choncho munthu akadzaodira pakhomo, tisadzamuthamangitse, komanso tisadzafulumire kuwomba m'manja. Tidzamukhazike pamphasa ndi kumufunsa. Kodi mwanayu adzapitiriza sukulu kuti, ndipo fizi adzalipira ndani? Adzagona kuti, ndipo ndi mayi uti wamkulu amene adzakhale naye pa maulendo? Akavulala, adzamusamala ndani? Wina akamuchita chipongwe, adzakadandaula kwa yani? Malipiro ake alembedwa papepala loti ife tingawerenge? Woyambitsa timu amene ali ndi zolinga zabwino sangakwiye ndi mafunso otere. Amene akwiye watiyankha kale.

Ntchito ina ili m'manja mwathu lero lomwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pamene atsikana a pasukulu yathu akusewera ndi anzawo a sukulu ina, bwanji awiri kapena atatu a ife osapita kukakhala m'mbali mwa bwalo? Pamene pali maso a amayi, munthu wa zolinga zoipa amachita manyazi, ndipo mtsikana amadziwa kuti ali ndi kothawira. Kunyumbanso tigawe ntchito mwachilungamo, kuti mlongo wake wamwamuna naye atunge madzi tsiku limene iye ali kubwalo.

Pa msonkhano wathu wotsatira, mayi aliyense abwere ataganizira mtsikana mmodzi wa m'banja lake kapena wa m'dera lake amene ali ndi mphatso imene takhala tikuikalipira. Timupempherere pomutchula dzina, ndipo tipemphe Ambuye atipatse nzeru zomulerera popanda kukwirira chimene Iwo anamupatsa.