Mapanga Awiri Avumbwitsa: Mawu kwa Anyamata a Njinga Zamoto ku Mecanhelas

Ana anga, inu anyamata a ku Insaca, ku Entre Lagos, ku Chiuta ndi m'midzi yonse ya m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, takhalani pansi ndikulankhuleni za njinga yamoto ndi foni. Zinthu ziwirizi zinachuluka kwathu kuno motsatizana, ndipo zonse zatithandiza. Mayi wodwala pakati, amene kale tinkamunyamula pamachira usiku wonse, lero amafika kuchipatala tambala asanalire, chifukwa wina waimba foni, wina waliza njinga. Makumba ndi milamba zochoka kudooko zimafika pamsika zisanawonongeke. Chifikireni kampani ya mafoni ya Movitel mu 2012, ngakhale wa kumudzi kwenikweni amatha kuitana wakabaza ali khale pakhonde. Ine sindidana ndi njinga, sindidananso ndi foni. Chimene ndikukaniza ndi kuzigwira zonse ziwiri nthawi imodzi. Makolo athu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Tadziyang'anani nokha mukakhala pachishalo. Dzanja lamanja ndi lopatsira moto, ndipo zala zake zimadikirira buleki ya kutsogolo. Lamanzere lili pa kilatchi ndi pa hutala. Phazi lamanzere likusintha magiya, lamanja lili pa buleki ya kumbuyo. Palibe chiwalo chimene chikungokhala. Ndiye foniyo mukuigwira ndi chiyani? Ena mwa inu mwaphunzira kuipana pakati pa khutu ndi phewa. Mutu ukapendekeka thupi limautsatira, njinga n'kutsatira thupi, ndipo mumazindikira mwalowa kale mbali ya mnzanu. Ena mumaitsomeka m'chipewa n'kumadzitama kuti manja onse ali pachiwongolero. Manja alipodi, koma nzeru zili kwa uja mukukangana naye za ndalama imene sanakutumizireni pa M-Pesa kapena pa e-Mola. Amene amayendetsa njinga ndi mutu. Mutu ukachoka pamsewu, manja amangoperekeza.

Tiyeni tiwerengere limodzi, poti kusukulu munapitako. Njinga ikamathamanga makilomita 60 pa ola, pa sekondi iliyonse imadya mamita pafupifupi 17. Kupisa m'thumba, kutulutsa foni ndi kuona amene akuimba, masekondi atatu apita, ndipo mwayenda mamita 50 maso ali pansi. Kuwerenga kauthenga ka pa WhatsApp kwa masekondi 6 ndi mamita 100, bwalo lonse la mpira kuchokera pagolo ili kukafika pagolo ilo. Ndani wa inu angalole kumangidwa nsalu kumaso, mayi ake ali kumbuyo kwa njinga, n'kuuzidwa kuti adutse bwalo limenelo? Palibe. Komatu n'zimene mumachita tsiku ndi tsiku, n'kumati ndi sekondi imodzi yokha.

Ndipo msewu wathu si bwalo losesedwa. Misewu yambiri ya m'boma lino ndi yafumbi. M'chilimwe, lole yonyamula fodya kapena nandolo ikadutsa imasiya fumbi loti simungaone ngakhale tayala lanu lomwe, ndipo m'fumbimo mumatulukira bambo wokankha njinga yakapalasa, matumba a makala atapingasa uku ndi uku. Pamchenga tayala lakutsogolo limafuna manja onse awiri. Likangoterereka mutagwira ndi dzanja limodzi, mwagwa basi. M'dzinja matope a m'madambo amaterera, ndipo dzenje limene dzulo linali laling'ono lero labisika m'madzi. Onjezanipo mbuzi, nkhuku, ng'ombe, amayi osenza nkhuni amene sangatembenuke msanga, ndi tiana totuluka kusukulu tikuthamangitsana. Mwana sayang'ana msewu, amayang'ana mnzake amene akumuthawa. Woyenera kumuyang'anira ndinu. Dziwaninso ichi: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene njinga imafuna kuti iime umawirikiza kanayi. Pafumbi umaposa pamenepo, ndipo mukanyamula anthu awiri ndi thumba la mpunga umaposanso. Mukafika pa tara wa N13, kulowera ku Cuamba kapena ku Mandimba, musati mwapulumuka. Pa tara m'pamene galimoto zimathamanga kwambiri, ndipo wogwa pa tara sadzuka n'kusasa fumbi.

Musaganize kuti ndi mantha a nkhalamba chabe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse. Pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, palibe matenda amene amapha anthu ambiri kuposa msewu. Tikayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, kuno ku Africa ndiye kumafa ambiri, chonsecho galimoto zathu n'zochepa kusiyana ndi za kumaiko ena. Bungwe lomwelo limati woyendetsa akugwiritsa ntchito foni amakhala pachiopsezo chochita ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene waisiya m'thumba, ndipo kulankhula osaigwira m'manja sikuchotsa vutolo. Ziwerengero zimenezi zikunena za anthu a msinkhu wanu.

Tsopano za makutu. Ndimakuonani mutatseka makutu onse awiri ndi mahedifoni, mutu ukugwedera nyimbo. Ena mwamangirira sipika pathanki, phokoso lake kumveka mudzi wachitatu. Pamsewu wafumbi khutu limaona zimene diso silinaone. Hutala ya lole imene ikubwera kumbuyo, mluzu wa mbusa wa ng'ombe, kukuwa kwa mayi amene mwana wake wathamangira mumsewu, ngakhale kulira kwachilendo kwa tcheni chimene chatsala pang'ono kuduka, zonsezi zimafika kudzera m'khutu.

Kuposa zonse, kumbukirani njanji. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa m'Malawi, n'kutulukira pa Nayuchi, kulowa kwathu pa Entre Lagos, ulendo wa ku Cuamba mpaka kunyanja ku Nacala. Imodzi imakoka mabogi oposa 100 odzaza malasha. Woyendetsa sitima ngakhale atakuonani, alibe chiwongolero choti akupatukireni, ndipo akamanga mabuleki sitimayo imapitirirabe mamita mazanamazana isanaime. Chimene angachite ndi kuliza hutala basi. Ngati makutu anu ali ndi nyimbo, hutala imeneyo akulizira ndani? Pofika podutsira njanji, chepetsani moto, imani, yang'anani mbali zonse ziwiri, mvetserani, kenako dutsani. Musapikisane ndi sitima chifukwa choopa kudikira kuti mabogi onse athe. Kudikirako n'kwa mphindi zochepa, ndipo palibe anachotsedwapo ntchito ya kabaza chifukwa chodikira sitima.

Ndikudziwa chimene chimakuthamangitsani. Njinga zambiri si zanu. Mwini wake amafuna ndalama yake madzulo alionse, petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu ngwokwera mtengo, ndipo foni ikalira mumaganiza kuti ndi kasitomala amene akapanda kuyankhidwa aimbira mnzanu. Nkhawa imeneyo ndi yoona, sindikuipeputsa. Koma taganizani bwino. Kupatukira kumbali, kuponda pansi, kuyankha, n'kunyamukanso, sikutha ndi mphindi imodzi yomwe. Kasitomala amene sangadikire mphindi imodzi, msiyeni apite. Mukagwa, njinga ya eni ake yaphwanyika, ngongole yatsala pakhomo panu, ndipo amene munamuthamangirayo akwera ina tsiku lomwelo.

Ganiziraninso za amene wakhala kumbuyo kwanu. Munthu akakwera njinga yanu wakupatsani moyo wake kuti mumusungire mpaka akatsike. Iye alibe buleki, alibe chiwongolero. Mwina ndi gogo wopita kukalandira mankhwala, mwina ndi mayi wobereka khanda kumsana, mwina ndi bambo amene wagulitsa mpunga wa chaka chonse ndipo ndalama zili m'thumba. Mukamugwetsa chifukwa cha uthenga wa chibwenzi, mudzakanena chiyani kwa abale ake pabwalo la amfumu? Pepani sapoletsa chilonda.

Za malamulo ndinenepo pang'ono, chifukwa ambiri mumawaona ngati msampha wa apolisi. Lamulo la pamsewu la dziko lathu la Mozambique, limene linatuluka mu 2011, limaletsa kugwira foni uku ukuyendetsa. Limalamula kuti woyendetsa njinga yamoto ndi wokwera, onse avale helemeti. Limanenanso za msinkhu: njinga yosaposa 125cc munthu angaitengere laisensi akakwanitsa zaka 16, pomwe njinga yaikulu ndi galimoto n'kuyambira zaka 18. Malaisensi amaperekedwa ndi bungwe la INATRO. N'zoona kuti kukatenga laisensi kumafuna ndalama ndi ulendo, koma kudziwa kuliza njinga ndi kusintha magiya si kudziwa msewu. Amene anakuphunzitsani pabwalo la sukulu masana amodzi sanakuuzeni za zikwangwani, za amene ayenera kuyamba kudutsa pamphambano, kapena za malo osayenera kupitirira galimoto inzanu. Safunsa anadya phula.

Helemeti nayo si yokoleka pachiwongolero kuti muivale mukaona apolisi patsogolo. Valani, ndipo mangani lamba wake pansi pa chibwano, chifukwa yosamanga imauluka mutu usanafike pansi. A WHO amati helemeti yabwino, yovalidwa moyenera, imachepetsa kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 peresenti. Mukuti imatentha? Inde imatentha, makamaka mu Okutobala. Koma mwendo wothyoka amaumanga, pomwe mutu ukasweka nthawi zambiri palibe chobwezera. Kumbukirani kumene tili. Wovulala kwambiri kuno amayenera kutengedwa ulendo wa ku Cuamba, ndipo zikavuta amatumizidwa kutali, ku Nampula kapena ku Lichinga. Ena abale amawaolotsa malire kupita nawo ku Liwonde kapena ku Zomba. Ulendo wonsewo munthu akutaya magazi, pamsewu wa mabampu womwe uja. Kenako mbuzi zimagulitsidwa, chimanga cha m'nkhokwe chimagulitsidwa, ndipo mlongo wanu amasiya sukulu kuti azikakudikirirani kuchipatala.

Pali zina zimene zimaba maso ngati foni yomwe. Kachasu ndi timowa ta m'mabotolo ting'onoting'ono timakunamizani kuti mwachangamuka pomwe mwafooka. Tulo nato n'toopsa: amene wachezera kudooko kudikira asodzi asanyamule munthu m'mawa asanagoneko. Kuyenda usiku nyali itafa, wokwera akuunikira ndi tochi ya foni, ndi kuitana maliro. Ndipo pali matama, aja okweza tayala lakutsogolo pamsika kapena kusiya chiwongolero kuti atsikana akuoneni, mnzanu akujambula kuti akaike pa Facebook. Amene akukuombera m'manja lero sadzabwera kudzakusambitsani mukadzalephera kudzuka.

Inu atsikana, ndi inu nonse okwera, muli ndi pakamwa. Woyendetsa akatulutsa foni, mugwireni paphewa mumuuze kuti, "Achimwene, imani kaye muyankhe, apo ayi nditsike." Ndalama ndi yanu, moyo ndi wanu, palibe chamwano pamenepo. Musamuonetse zithunzi ali paulendo, musamufulumizitse chifukwa mwachedwa nokha kunyamuka. Ngati mukudziwa kuti mlongo wanu kapena mwamuna wanu ali pamsewu, imbani kamodzi. Akapanda kuyankha dikirani, musaimbe kasanu motsatizana ngati kwagwa zovuta.

Nanunso makolo anzanga, mlanduwu ukutikhudza. Fodya akagulidwa bwino timagula njinga, n'kupereka makiyi kwa mwana wa zaka 13 amene miyendo yake sifika n'komwe pansi, ati akatigulire mchere. Anthu akamatiyamikira kuti mwana wathu ngwochenjera, ife kumasekerera. Mwana wa msinkhu umenewo sanafike poyeza liwiro la galimoto imene ikubwera, ndipo mantha sawadziwa. Makiyi azikhala m'thumba la bambo mpaka mwana atakula ndi kuphunzira. Ndipo ife eni tikamayankha foni tili pachishalo, tisadabwe ana akamachita zomwezo. Inu eni njinga amene mumalemba anyamata ntchito, gulani mahelemeti awiri, konzetsani mabuleki ndi nyali, ndipo musaike ndalama ya patsiku yoti mnyamata sangaipeze popanda kuuluka.

Choncho ana anga, musananyamuke yesani mabuleki onse awiri, onani matayala ndi nyali, valani helemeti n'kumanga lamba. Foni ilowe m'thumba lotseka, mahedifoni achoke m'makutu. Ikalira muli paulendo, patukirani kumanzere, imani, pondani pansi, ndiye muyankhe. M'magulu anu a kabaza pa siteji gwirizanani kuti wopezeka akuyendetsa foni ili kukhutu alipe chindapusa, monga mumachitira ndi wolanda kasitomala wa mnzake. Mukatero anthu adzakusankhani okha, chifukwa aliyense amafuna wakabaza womufikitsa. Boma lino likufuna anyamata amoyo, a miyendo yonse iwiri, oti alime, aphe nsomba ndi kulera ana awo. Imani kaye, ndiye muyankhe foni.