KODI WOTHA MSINKHU NDI WAMKULU?

Tsiku lina, Misa itatha pa tchalitchi china cha kumudzi, adandipeza mkulu wina waulemu, mwinimbumba, chipewa chili m'manja. Adati: "Bambo, ndadza kudzalembetsa ukwati wa mwana wa mlongo wanga." Nditafunsa zaka za mtsikanayo, adayankha kuti 15, nawonjeza kuti: "Koma wakula, Bambo. Anamkungwi adamulanga chaka chatha."

Mkuluyo sadali munthu woipa mtima, ndipo sadanene bodza. M'chinenero chathu liu lakuti "wakula" timalinena pa mtsikana amene waona msambo woyamba, ndipo timalinenanso pa munthu amene angathe kusenza udindo wa banja. Popeza liu ndi limodzi, ambiri amayesa kuti chinthunso ndi chimodzi. Apa ndipo pagona funso limene ndifuna kuti tilisinkhesinkhe pamodzi, akhristu anzanga: kodi mwana akatha msinkhu, wasanduka wamkulu?

Zimene zimachitika m'thupi

Poyamba tiyeni tione ntchito ya thupi, pakuti chimene Mlengi sadachite nacho manyazi pochipanga, ifenso tisaope kuchitchula mwaulemu.

Kutha msinkhu kumayambira m'mutu. Kunsi kwa ubongo kuli kachiwalo kakang'ono ngati kanyemba, kamene madokotala amakatcha pituitary. Nthawi ikakwana ubongo umakadzutsa, ndipo iko kamathira m'magazi mahomoni, amene ali ngati amithenga otumidwa ku ziwalo zoberekera. Kwa atsikana ambiri uthengawo umafika pakati pa zaka 8 ndi 13, kwa anyamata pakati pa zaka 9 ndi 14.

Mtsikana amabadwa ali kale ndi mazira ake onse, oposa miliyoni imodzi, osungidwa m'tinkhokwe tiwiri kumbali za chiberekero. Ambiri amafota okha, kotero kuti pa moyo wake wonse okhwima ndi kutuluka ndi 400 kapena 500 chabe. Mwezi ndi mwezi dzira limodzi limakhwima ndi kulowa m'kanjira kopita ku chiberekero, ndipo chiberekerocho chimayala m'kati mwake monga mai woyalira mlendo mphasa. Mlendo akapanda kudza, zoyalidwazo zimachoka pamodzi ndi magazi. Umenewu ndiwo msambo, wobwera pafupifupi masiku 28 alionse, ngakhale kwa ena masikuwo amachepa kapena kuchuluka. M'menemo mulibe matenda, mulibenso chidetso.

Kwa mnyamata, mavalo ake amayamba kupanga homoni yotchedwa testosterone, imene imakulitsa mau, imameretsa ndevu ndi kutambasula mapewa. Amayambanso kupanga mbeu za umuna, mamiliyoni ambiri tsiku lililonse, ndipo mbeu iliyonse imatenga miyezi yoposa iwiri kuti ikhwime. Nthawi zina umuna umatuluka wokha m'tulo, mwini wake osadziwa. Pamenepo palibe tchimo, pakuti tchimo silikhalapo popanda kudziwa ndi kufuna. Mbeu imodzi ikakumana ndi dzira m'kanjira kaja, chilichonse chimabweretsa makromozomu 23, napezeka 46, ndipo munthu watsopano wayamba, wotenga theka kwa bambo ndi theka kwa mai.

Thupi silikhwima tsiku limodzi

Tsono taonani chinthu chimene mkulu uja sadachidziwe. Ziwalo zonse sizikhwima pamodzi. Msambo umafika pamene mafupa a m'chiuno asanatsirize kutambasuka, ndipo amafunabe zaka zina. Chotero mtsikana angathe kutenga pathupi thupi lake lisanakonzeke kubala. Pobereka, mutu wa mwana ukakanika kudutsa ndipo thandizo likachedwa, mwanayo kawirikawiri amafera m'mimba, mai wake natsala ndi bala lotchedwa fisitula, loti mkodzo umangotuluka wosaletseka, mpaka anthu amuthawa. Pa dziko lonse lapansi, mavuto a pathupi ndi pobereka ali m'gulu la zinthu zimene zimapha kwambiri atsikana a zaka 15 mpaka 19.

Ubongo nawo umachedwa koposa. Mbali yake ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imathandiza munthu kuyeza zotsatira za ntchito zake ndi kudziletsa, imapitirira kukula mpaka zaka ngati 25. Chilakolako chimadzuka msanga, koma mphamvu yochilamulira imabwera pambuyo pang'onopang'ono. Nchifukwa chake mnyamata wa ndevu zongomera kumene amaoneka ngati bambo, koma achita zinthu ngati mwana. Chimanga chikamasula ngayaye, palibe mlimi amene amathamangira kumunda ndi dengu, pakuti adziwa kuti kumasula kulonjeza zokolola, koma nthawi yokolola ikali kutsogolo.

Kutha ndi kuyenera

Ngakhale thupi likadakhwima lonse tsiku limodzi, funso lathu likadatsalabe, pakuti munthu sali thupi lokha. Mbuzi ikafika msinkhu imabereka, ndipo palibe amene aifunsa maganizo ake, popeza ilibe nzeru kapena ufulu wosankha. Koma kwa munthu, kutha kuchita chinthu ndi kwina, kuyenera kuchichita ndi kwinanso. Mwana wa zaka 10 angathe kuyatsa moto, koma sitimusiyira tchire kuti alitenthe yekha.

Ukwati umamangidwa ndi kuvomera kwa anthu awiri, ndipo kuvomera koona kufuna zinthu ziwiri: kudziwa chimene ukuvomera, ndi ufulu wokana. Kodi mtsikana wa zaka 15 adziwa chiyani za kulera mwana wodwala usiku, za njala ya mwezi wa Februwale, za kukhala ndi munthu mmodzi mpaka imfa? Nanga ufulu wokana ali nao, pamene wompempha ndi malume ake amene amamudyetsa ndi kumuveka? Akati "inde" ali chogwada, maso ali pansi, kawirikawiri wayankha ndi mantha kapena ulemu, mtima wake sunafunsidwe.

Zaka za pakati pa kutha msinkhu ndi ukulu zili ndi ntchito yake. Ndiyo nthawi imene mnyamata aphunzira kuti mphamvu yake yatsopano ili ndi mwini woilamulira, ndipo mtsikana aphunzira kuti thupi lake ndi lolemekezeka. Ambuye Yesu amene, atayankhula ndi aphunzitsi m'Nyumba ya Mulungu ali ndi zaka 12, adabwerera ku Nazarete, ndipo ntchito yao adaiyamba ali ndi zaka ngati 30.

Zimene ena adzanena

Wina adzati: "Makolo athu ankatero, ndipo mtundu sudathe." Makolo tiwalemekeze ndithu. Iwo adazindikira kuti mwana wotha msinkhu sayenera kusiyidwa yekha, ndipo pachinamwali ankaphunzitsa ulemu, ukhondo ndi kupirira. Koma za mafupa a m'chiuno ndi za ubongo sadazidziwe, ndipo mtsikana akafa pobereka ankafuna chifukwa kwina. Ife amene tadziwa tidzafunsidwa mlandu umene iwo sadzafunsidwa. Mwambo weniweniwo ungathe kudzikonza: Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza idathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubweza anawo ku sukulu. Boma nalo lidaika zaka 18 m'lamulo la ukwati la chaka cha 2015, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo idachotsa m'malamulo aakulu a dziko la Malawi chilolezo chokwatitsa ana ochepera zakazo ngakhale makolo avomere.

Wina adzatinso: "Tikachedwa, atitengera mimba ya pathengo." Mantha amenewa ndi oona, koma mankhwala ake ndi olakwika. Amene akwatitsa mwana poopa manyazi wateteza dzina lake ndi moyo wa mwanayo. Chimene chimasunga mwana ndicho chilangizo choona, choperekedwa nthawi yake ndi munthu womukonda.

Ntchito yathu

Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, mu 1965, udaphunzitsa kuti ana pamene akukula alandire maphunziro abwino ndi anzeru pa za umuna ndi ukazi. Udindo umenewu uli poyamba pa makolo. Inu amai, ndi inu azakhali ndi agogo, muuzeni mtsikana za msambo usanamufikire, kuti asadzabise nsalu zake ndi misozi poganiza kuti walodzedwa. Inu abambo ndi amalume, musaiwale anyamata, amene kawirikawiri palibe owalanga, ndipo amatola nzeru zao kudambwe kapena pa foni. Inu makatekisiti ndi alangizi, pophunzitsa nenani zinthu ziwiri pamodzi: kuti kusintha kwa thupi ndi kwabwino, ndi kuti sikupereka chilolezo. Mukanena choyamba chokha mwamasula mwana wopanda chitsogozo, ndipo mukanena chachiwiri chokha mwamuphunzitsa kudana ndi thupi lake. Kuongola mtengo mpoyamba.

Mkulu uja ndidakhala naye pansi pa mtengo nthawi yaitali, ndi kumufotokozera zimene ndalemba panozi. Sadavomere zonse, ndipo adachoka ali wokhumudwa pang'ono, chifukwa adali atalandira kale mau a kuchimuna. Ukwatiwo sindidaulembe. Koma pomaliza adafunsa funso limene ndikhumba kuti mwinimbumba aliyense adzifunse: "Nanga Bambo, zaka zimenezi tizimuphunzitsa chiyani?"