Mlendo amene anadya nafe, nacoka ndi nkhope zathu

M'nyumba ya malemu amalume anga, amene anali katekisita kuno ku Chipera, munali pepala la kalendala yakale lomatidwa pa khoma. Masiku ndi miyezi zinali zitadulidwa kale, panangotsala cithunzi. Anawapatsa ndi wansembe wina titangobwerako ku Ukwimi, ku Zambia, kumene tinathawira nkhondo. Ife ana tinkacicha "azungu a phala", ndipo tinkaciseka kwambiri, cifukwa tinali tisanaonepo mzungu wosauka.

Pa cithunzipo pali ukwati wa kumudzi. Anthu akhala mothithikana m'nyumba yosungiramo zokolola. Amuna awiri anyamula mbale za phala, ndipo poti lichero lalikulu palibe, azula citseko n'kuikapo mbalezo. Mkwatibwi wakhala pansi pa nsalu yobiriwira yopacikidwa pa khoma, manja atapinda, maso atatsinzina pang'ono, sakudya, monga acitira namwali wathu pa tsiku lake. Mkwati ndiye sadziwika kuti ndi uti. Pansi pakhala kamwana kovala cipewa cacikulu cophimba maso, kakunyambita cala. Pambali pake mwamuna akuthira mowa m'mitsuko. Kukhomo kuli khamu lokankhana kuti lilowe. Ndipo pali woimba citoliro amene waleka kuimba, maso ali pa mbale zikudutsazo.

Patapita zaka zambiri, ndili ku Tete, ndinacipezanso pa foni. Anacijambula ndi Pieter Bruegel ca m'ma 1567, ku Flanders, dera limene lero lili m'dziko la Belgium, ndipo ceniceni cake cimasungidwa ku Vienna. Pali cinzake ca gule wa m'mudzi, pamene mnyamata ndi mtsikana akupsompsonana kuseri kwa anthu akumwa, mwamuna wina akukoka mkazi pa dzanja kuti akavine. Kwawoko zithunzi zotere zinali zambiri, ndipo pambuyo pake David Teniers ndi Adriaen Brouwer anajambulanso alimi akumwa, akufunsirana, akukangana. Koma cimene cinandigwira mtima ndi nkhani imene Karel van Mander analemba mu 1604. Iye akuti Bruegel ndi mnzake wamalonda, Hans Franckert, ankavala zovala za alimi, n'kupita ku maukwati a kumudzi atanyamula mphatso, akunama kuti ndi abale a mkwati kapena a mkwatibwi. Ankadya, kumwa, n'kumapenya. Van Mander analemba zimenezi Bruegel atamwalira zaka 35 zapitazo, cotero mwina anathiramo mcere. Koma za amene ankagula zithunzizo n'zodziwika: anali anthu a cuma a m'tauni. Wamalonda mmodzi wa ku Antwerp, Nicolaes Jonghelinck, anali ndi zithunzi za Bruegel 16.

Nditawerenga zimenezo manyazi anandigwira, cifukwa mlendo wa mtundu umenewu ndimamudziwa. Ndine ndemwe.

Nchito yanga ndi ya pa wailesi ya m'dera. Zaka zingapo zapitazo ndinaitanidwa ku ukwati m'mudzi wina umene sindiuchula. Anandipatsa mpando wa pamthunzi, anandiphera nkhuku, ana ankandiitana kuti amalume. Kojambulira mawu kanali m'manja mwanga poyera, sindinabise, ndipo pamenepa ndi pamene ndakhala ndikudzitetezera. Madzulo, ankhoswe atatha malangizo awo, agogo a mkwatibwi anayamba kusimba mmene mnyamata uja anafunsirira mbeta. Anati tsiku loyamba anabwera atavala nsapato zobwereka, zazikulu kuposa mapazi ake, ndipo galu atamuthamangitsa imodzi inatsala pabwalo. Anacita manyazi kubwerera, moti nsapatoyo inagona masiku atatu pa khonde, mwini wake akuilonda. Agogowo ankasimba akutsanzira mayendedwe ake. Anthu anaseka mpaka misozi, mkwatiyo naye anaseka ataweramitsa mutu, ndipo agogo anamaliza ndi kumugwira pa phewa n'kunena kuti mkamwini wosathawa manyazi otere sadzathawa njala.

Ndinaulutsa nkhaniyo Loweruka lotsatira. Mawu omaliza aja ndinawadula cifukwa nthawi inali itatha. Ndinathirapo kuseka kwanga. Anthu anaimba mafoni kucokera ku Fingoè ndi kutsidya kwa malire, kupempha kuti ndiibwereze, ndipo ndinaibwereza kawiri. Sabata isanathe mnyamata uja anali ndi dzina latsopano, Nsapato za Eni, ndipo mpaka lero akakwera galimoto pamakhala wina womuitana conco.

Mkazi wake ndinakumana naye pa cigayo patapita miyezi. Anagwada pang'ono monga mwa ulemu, anandipatsa moni, kenako anati: "Amalume, agogo ankauza ife. Sankauza Fingoè."

Ndinayankha zimene aliyense wa nchito yanga akanayankha, kuti sindinaname, kuti mawu anali a agogo, kuti aliyense anaona kojambulira. Zonsezo zinali zoona. Iye sanatsutse ngakhale cimodzi. Anasenza ufa wake n'kumapita.

Funso limene landivuta kuyambira tsiku limenelo ndi ili: ngati cinthu n'coona, ndipo cinacitika poyera, kodi munthu angalakwe pocionetsa kwa ena? Kale ndinkati ayi. Tsopano ndikuona kuti kuseka kumasintha malinga ndi malo amene kwasekedwera. Pabwalo paja, onse oseka anali anthu oti mawa adzalima naye mnyamatayo, adzamunyamula akadwala, ndipo aliyense anali ndi nkhani yake ya manyazi imene anzake akuidziwa. Kuseka kuja kunali kumulandira m'banja. Wa ku Fingoè analibe ngongole iliyonse kwa iye. Anangolandira munthu wopusa waulere. Mawu anali omwewo, koma ine ndinawacotsa pamene anali mankhwala n'kukawaika pamene anasanduka ululu.

Alimi a Bruegel nawonso anacotsedwa m'mudzi mwawo n'kukapacikidwa m'zipinda za anthu olemera, zimene iwo sakanaloledwa kulowamo koma ngati anchito. Akatswiri a zithunzi amatsutsana pa colinga cake. Ena amati ankaseka dyera ndi ucidakwa wa anthu a kumudzi kuti a m'tauni azidziona aulemu. Ena amati ankawakonda. Ine si katswiri, koma cithunzico ndinakula naco, ndipo ndimabwerera kwa woimba citoliro uja. Amene anaimbapo ng'oma pa ukwati wa eni amadziwa mmene zimakhalira, kuti fungo la ndiwo likudutsa pamphuno pako ndipo iwe udzadya anthu onse akatha. Munthu wongofuna kuseka saona njala ya woimba. Kuti uione uyenera kukhala nthawi yaitali ukupenya munthu amene ena onse sakumupenya. Cotero sindikhulupirira kuti Bruegel anali wonyoza. Koma mtima wa wojambula sutsagana ndi cithunzi ku nyumba ya wogula. Inenso mnyamata uja sindinkamuda. Ngakhale ife ana a Chipera, ovala zigamba, tinkaseka azungu a phala aja, poti nyani saona cikang'a cake.

Pali mbali ina imene sindingaibise, ngakhale ikundikomera ine. Caka cimene Bruegel anamwalira, 1569, ndi comwe Francisco Barreto ananyamuka ku Lisboa ndi asilikali kudzafuna golide wa Mwenemutapa kudzera mu Zambezi. Apwitikizi a nthawi imeneyo analemba zambiri za golide, minyanga ndi mafumu. Koma ndani angandionetse nkhope ya mkwatibwi mmodzi wa Amaravi, amene dzina la boma lathu linacokera kwa iwo? Ankakhala bwanji, anavala ciyani, woimba ng'oma anapenya kuti? Ndikanapereka mbuzi kuti ndione. Alimi a ku Flanders aja ananamizidwa ndi mlendo wonyamula mphatso, komabe patapita zaka zoposa 450 mwana wa ku Chipera akudziwa kuti ankazula citseko ponyamula cakudya. Amene sanaberedwe nkhope anaiwalika. Mfundo imeneyi ndi yolimba, ndipo sindinaipezere yankho lokwanira. Ndingoti phindu lake amadya ndi zidzukulu, pamene mtengo wake amalipira ndi munthu wamoyo amene sanafunsidwe.

Sikuti makolo athu sankajambula. Ku Chongoni, kufupi ndi Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pa miyala amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006, ndipo zambiri mwa zoyera zija zinali za cinamwali. Anazijambula anthu a mwambowo pophunzitsa ana awo, m'mapanga, kutali ndi maso a anthu wamba. Wojambula ndi woonerera anali a mudzi umodzi. Gule wamkulu naye amajambula anthu, ndipo saopa kunyoza. Simoni wa nkhope yofiira uja ndi mzungu monga mmene mudzi unamuonera. Cilombo cikatsanzira cidakwa kapena mkamwini waulesi, anthu amadziwa amene akunenedwa. Koma cimavina pabwalo, wonenedwayo ali pomwepo, abale ake ali pomwepo, ndipo mawa angathe kukadandaula kwa mfumu. Cithunzi cimabwerera kwa mwini wake. Canga cija cinauluka pa mphepo, ndipo mwini wake anacimva kwa anthu omuseka pa msika.

Masiku ano aliyense ndi Bruegel. Mkulu akaledzera pa maliro, akagwa povina, mafoni asanu amakhala atamuzinga, ndipo dzuwa lisanalowe ali pa WhatsApp ku Lusaka ndi ku Johannesburg. Ojambulawo ndi adzukulu ake omwe, safunikanso kuvala zovala zonamizira. Sindingawadzudzule mokweza mawu, poti ine ndinayamba iwo asanakhale ndi mafoni.

Cimene ndinasintha n'cacing'ono. Ndikajambula mawu m'mudzi, ndisanacoke ndimakhala pansi ndi eni ake n'kuwamvetsera zonse, ndipo ndimawauza kuti izi zikamveka mpaka kutsidya kwa malire. Zimene akana ndimafufuta iwo akuona. Ndivomere kuti mapologalamu anga anazizira. Anthu amacotsa zokoma zenizeni, n'kusiya malonje ndi kuthokoza mafumu. Mafoni sabweranso ngati kale, ndipo mnzanga wina wa pa nchito amati ndikuphika ndiwo zopanda mcere. Mwina akunena zoona. Nthawi zina, ndikamafufuta nkhani ya nkhalamba imene ndikudziwa kuti palibenso wina adzaisimbe, ndimaona ngati ndikukwirira munthu wamoyo, ndipo sindikhala wotsimikiza kuti ndasankha bwino.

Mawu a ukwati uja sindinawafufute. Ndinkadziuza kuti ndaiwala, koma sindinaiwale.

Agogo aja anamwalira caka catha, nthawi ya mvula. Patapita milungu ingapo mdzukulu wawo anabwera ku nchito kwanga, mwana ali kumbuyo, kakhadi ka foni katamangidwa pa mfundo ya citenje. Anati m'banja lonse palibe amene ali ndi mawu a agogo, ndipo anamva kuti mwina ine ndinasunga. Ndinamufunsa ngati ndicotse mbali ya nsapato. Anati ndiike zonse, kuyambira pamene ankhoswe anamalizira mpaka pothera, pamodzi ndi paja ndinadula.

Tinamvetsera limodzi. Pamene agogo anafika pa mawu a mkamwini wosathawa njala, anandipempha kuti ndibwezere, ndipo ndinabwezera. Mwamuna wake sanalowe. Anatsala panja atagwira njinga, ndipo nditatuluka kukamupatsa moni anayankha bwino, akuyang'ana kumsewu.