Nyumba ya mwini saotchera mbewa

Mwambi uwu umaphunzitsa ulemu: uli kwa eni, usachite zofuna zako. Koma masiku ano eni chuma ausandutsa chotsekera pakamwa anthu amene amawagwirira ntchito mongodzipereka, ndipo zimenezi n'zonyansa. Mu April 2023, akonzi onse oposa 40 a NeuroImage, magazini ya kafukufuku wa ubongo, ndi a magazini inzake ya NeuroImage: Reports, anatula pansi udindo tsiku limodzi. Mwini NeuroImage, kampani ya Elsevier ya ku Amsterdam, inkalipiritsa wofufuza madola 3,450 kuti nkhani yake imodzi isindikizidwe poti aliyense awerenge ulere. Akonziwo, motsogozedwa ndi Stephen Smith wa ku Oxford, anapempha kuti mtengowo utsike. Kampani inakana. Alipo amene anganene kuti akonziwo anaiwala malo awo, kuti anafuna kuotcha mbewa m'nyumba ya mwini.

Koma nyumba imeneyi anaimanga ndani? Kafukufuku amachita ndi asayansi, kawirikawiri ndi ndalama za boma kapena za mabungwe othandiza. Nkhani amalemba okha. Amene amaunika ntchito za anzawo, kufufuza zolakwika m'mawerengero usiku ataweruka, salandira kanthu. Ulemu wonse wa NeuroImage, womwe Elsevier inkagulitsa pa mtengo umenewo, unachokera m'thukuta la anthu amenewa. Kuwauza kuti akhale chete ngati alendo ndi kuwabera kawiri, poyamba ntchito yawo, kenako mawu awo.

N'zoona, dzina la magazini ndi la Elsevier mwalamulo, ndipo kusunga nkhani pa intaneti zaka zambiri kumadya ndalama. Kampaniyo inanenanso kuti mtengo wake unali wotsikirapo poyerekeza ndi magazini ena a mulingo womwewo. Izi tingavomere, koma zingotiuza kuti ena amadya kwambiri kuposa iyo, osati kuti iyo imadya moyenera. Ndipo akonziwo sanawononge kanthu ka mwini. Anapempha, atakanidwa anatuluka masana aliyense akuona, n'kukayambitsa Imaging Neuroscience, magazini yosafuna phindu, mothandizana ndi MIT Press. Akonzi a magazini ina, Lingua, anachitanso chimodzimodzi: anatula pansi udindo mu 2015 n'kukayambitsa Glossa. Elsevier inatsala ndi dzina la NeuroImage n'kupeza akonzi ena, koma amene ankadziwa wofufuza woyenera kuunika nkhani iliyonse anapita ndi nzeru zawozo.