Thumba la chimanga: chifundo kapena ngongole?

Sabata ino ndikutengerani kwathu ku Zomba, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, ndipo funso langa ndi limodzi basi: boma likapereka thumba la chimanga kwa munthu wanjala, likuchita chifundo kapena likubweza ngongole? Musafulumire kuyankha. Tiyeni tifike kaye padoko la Kachulu.

Amene munafikako mukudziwa kuti Chilwa ndi nyanja yosazama ndipo ilibe mtsinje wotulukamo. Imadalira madzi a mitsinje monga Likangala, Domasi, Thondwe ndi Phalombe. Mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana, nyanjayi imaphwa. Inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona ndi maso athu mabwato atagona pamatope ong'aluka.

Chaka chimenecho ndinapita kukazonda azakhali anga. Iwo moyo wawo wonse ndi matemba: kugula kwa asodzi, kuyanika, kugulitsa. Amuna awo ankatha masabata ali m'chimbowera pakati pa nyanja. Kamunda ali nako, koma nkakang'ono, chimanga chake sichifika ndi mwezi wa Okutobala womwe. Nyanja itaphwa, ndalama inaphwera limodzi. Kenaka m'mudzimo munabwera olemba maina a anthu oti alandire chimanga, ndipo dzina la azakhali silinalembedwe. Chifukwa chake sanauzidwe.

Ine magazi atawira ndinati, "Azakhali, bwanji osapita kukafunsa?"

Anandiyang'ana n'kuseka. "Iwe mwana wa achimwene, sukulu yakuwononga eti? Wopempha safunsa chifukwa. Ukafunsa, chaka chamawa adzakulumphanso."

Mawu amenewa mpaka lero sandichoka m'mutu. Ndiye tanthauzo la chifundo limenelo. Chifundo ndi chabwino ndithu, koma mwini wake ndi wopatsa. Amasankha yekha woti am'patse, tsiku lom'patsa ndi muyeso wake, ndipo wolandira ntchito yake n'kuwomba m'manja. Ngongole ndi yosiyana. Amene ali nawe ngongole umam'funsa uli chilili, osagwada.

Tsono taonani momwe timathandizira ulimi m'dziko muno. Kuyambira 2005, gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi lakhala likupita ku feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, kaya pulogalamuyo tiitche FISP kapena AIP. Sindikunyoza ayi, feteleza wadyetsa mabanja ambiri. Koma kuti feteleza akhale nsima pamafunika zinthu zitatu: munda, mvula ndi kandalama kowombolera matumbawo. Nanga msodzi wa pachilumba cha Chisi? Nanga mayi woyanika matemba, mnyamata wakabaza wonyamula nsomba, m'misiri wokhoma mabwato? Ngakhale mlimi amene anathira feteleza bwinobwino, mu Malichi 2023 namondwe Freddy anam'kokololera mbewu, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba. Ndondomeko yathu imaperekeza munthu mpaka pobzala. Mbewu zikakanika, imam'siya m'manja mwa "akufuna kwabwino".

Katswiri wa zachuma wa ku India, Amartya Sen, anafufuza njala yomwe inapha anthu ambirimbiri ku Bengal mu 1943. Anapeza kuti chakudya chinalipo m'dzikomo, koma anthu ena anataya njira yochipezera, ndipo asodzi anali m'gulu la omwe anavutika kwambiri. Ndi zomwezo za azakhali. Pamsika wa Zomba chimanga chinalipo mu 2018. Chomwe chinasowa ndi matemba oti agulitse kuti achigule. N'chifukwa chake kukolola kwambiri pakokha sikuthetsa njala. Dziko litha kudzaza nkhokwe za ku Kanengo, mwana ku Kachulu n'kugona ndi madzi okha.

Mwina muti, "Koma malamulo alipo kale." Zoona. Gawo 30 la malamulo aakulu a dziko lino limatchula chakudya pakati pa zinthu zomwe aliyense ayenera kukhala ndi mwayi wofanana wozipeza. Tili ndi NFRA yosunga chimanga cha boma kuyambira 1999, Mtukula Pakhomo yemwe anayambira ku Mchinji mu 2006, komanso lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi la 2023. Koma pa zonsezi, ndi mzere uti womwe azakhali akanaloza ndi chala n'kunena kuti, "Apa palembedwa kuti ine ndilandire, mwezi wakuti, muyeso wakuti"? Mu 2013 nthumwi ya bungwe la United Nations pankhani ya ufulu wa chakudya, Olivier De Schutter, inabwera kuno n'kulangiza kuti tikhale ndi lamulo lotere, ndipo bilu ya chakudya yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri.

Maiko ena anachita. India mu 2013 inakhazikitsa lamulo lopatsa anthu ambiri m'dzikomo ufulu wogula makilogalamu 5 a mpunga kapena tirigu pamwezi pamtengo wotsika kwambiri. Brazil mu 2009 inalamula kuti ndalama zosachepera 30 pa 100 iliyonse za chakudya cha m'sukulu zizigulira zokolola za alimi ang'onoang'ono. Ngakhale ku America, kuyambira 1973 thandizo la chakudya kwa osauka limakhala m'lamulo lomwelo la zaulimi. Anazindikira kuti munda ndi mbale ndi nkhani imodzi.

Ndikudziwa zomwe ena mwa inu mukung'ung'udza. Choyamba: "Zaulere zimabala ulesi." Abale, munthu amene amapalasa bwato usiku wonse udzudzu ukumudya, mungamutche waulesi chifukwa nyanja yaphwa? Ndipo zaulere zake ziti? Zaka zabwino, matemba a ku Chilwa ndi omwe amakhala ndiwo ku Ndirande ndi ku Chinamwali. Azakhali amadula tikiti yapamsika, amalipira msonkho pa mayunitsi a foni ndi pa mafuta a galimoto yonyamula nsomba zawo. Anadyetsa dziko zaka makumi atatu. Dziko likawadyetsa miyezi inayi, labweza pang'ono chabe. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Iwo anaika kale.

Chachiwiri: "Ndalama zichokera kuti?" Funso ili ndi lolemera, sindilipeputsa. Komabe chaka chilichonse cha njala ndalamazo timazipezabe, kungoti timazipeza mochedwa, titayamba tapempha kunja, chimanga chitakwera mtengo, ana atayamba kale kutupa mapazi. Kusunga mu Meyi n'kotchipa kusiyana ndi kusakasaka mu Januwale. Mayi aliyense wa pamudzi amadziwa zimenezi.

Chachitatu: "Adzangoba." Mantha amenewa ali ndi pochokera. Tonse tikukumbuka kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa njala ya 2002 itayandikira. Koma wakuba amakonda mdima. Pomwe palibe muyeso wolembedwa, sudziwa n'komwe kuti akubera. Lamulo silisandutsa anthu angelo, koma limapatsa woberedwa poyambira mlandu.

Tsono ine pempho langa kwa aphungu athu ku Nyumba ya Malamulo ndi ili. Lamulo lomwe likuteteza feteleza litetezenso mbale. Linene gawo la ndalama zaulimi lomwe lizipita ku chakudya cha nthawi ya njala, ndipo pasakhale wolikhudza. Linene poyera oyenera kulandira, asodzi ndi opanda minda akhalemo. Linene nthawi yomwe chakudya chizifika kafukufuku akaonetsa kuti dera lakuti lavutika. Linene koti munthu wolumphidwa akadandaule popanda kuopa mfumu kapena wachipani. Ndipo chakudyacho chiyambe chagulidwa kwa alimi athu omwe, monga a mpunga a ku sikimu za Likangala ndi Domasi, kuti thumba limodzi lipulumutse mabanja awiri.

Pali chinanso chomwe sitikonda kuchinena. Chakudya chikakhala chifundo, chimasanduka chida. Thumba limabwera ndi nsalu yachipani, ndi nyimbo, ndi kujambulitsa. Munthu wanjala amavinira chimanga chomwe chinagulidwa ndi msonkho wake womwe. Ine ndimaona kuti manyazi amenewa amapweteka kuposa njala yeniyeniyo, chifukwa njala imatha mvula ikagwa, koma chizolowezi chogwada chimatsalira mpaka kwa ana.

Madzi anabwerera ku Chilwa, azakhali anayambiranso kuyanika matemba awo. Koma aliyense kumeneko akudziwa kuti nyanjayi idzaphwanso, monga inachitira nthawi ya agogo athu. Tsikulo likadzafika, ndikufuna azakhali, kapena mdzukulu wawo, adzathe kufunsa kuti, "Dzina langa lili kuti?" popanda kunjenjemera.

Inu a ku Nsanje, Karonga, Mchinji ndi kwina konse, kwanuko zimayenda bwanji maina akamalembedwa? Ndipo phungu wa kwanu munayamba mwamufunsapo za lamulo limeneli, kapena mumangomufunsa za bokosi la maliro?