Mfundo Zofunika Kuchokera kwa Ofufuza za Umuna

Kwa nthawi yaitali, nkhani ya jenda m'mayunivesite inkatanthauza nkhani ya akazi. Cha m'ma 1980 m'pamene akatswiri anayamba kufunsa kuti kodi mwamuna iyeyo amaumbidwa bwanji, nanga amamuumba ndani. Zina mwa zimene anapeza ndi izi.

1. Wongoonerera naye amadya nawo. Raewyn Connell wa ku Australia, m'buku lake la Masculinities la mu 1995, anasonyeza kuti pamalo paliponse pamakhala mitundu ingapo ya umuna, koma umodzi ndiwo umalamulira ndipo amuna onse amayesedwa ndi umenewo. Ambiri saufikira. Komabe amapindula nawo, chifukwa ulemu umene umaperekedwa kwa amuna onse umawafikanso iwo. Taganizirani bambo amene sanamenyepo mkazi wake, koma pabwalo la bawo mnzake akamadzitama kuti dzulo anawathambitsa mayi akunyumba, iye amangoseka n'kupitiriza kutakata. Bambo ameneyu sanganene kuti nkhaniyi sikumukhudza.

2. Umuna umasintha ntchito ndi chuma zikasintha. Dunbar Moodie anacheza ndi amuna a m'migodi ya golide ku South Africa ndipo analemba buku la Going for Gold mu 1994. Akuluakulu a mtundu wa Mpondo anamuuza kuti mwamuna ndi amene amamanga mudzi, amaweruza mwachilungamo ndi kuthandiza ovutika, moti ena anavomera kuti mkazi woyendetsa bwino pakhomo angakhalenso ndi khalidwe limeneli. Achinyamata, amene chiyembekezo chokamanga kumudzi chinali chitawathera, ankaona umuna m'thupi ndi m'mphamvu basi. Migodi yomweyi ndi imene azigogo athu ankapitako pa Wenela mpaka mu 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, boma n'kuimitsa ulendowo. Choncho wina akamati nkhanza ndi chikhalidwe cha makolo, tizimufunsa kuti akunena makolo a nthawi iti, amene ankakhala moyo wotani.

3. Chiwerengero chowawa tisachibise. Mu 2008, Rachel Jewkes ndi anzake a ku Medical Research Council anafunsa amuna a ku Eastern Cape ndi KwaZulu-Natal mwachinsinsi. Oposa mmodzi mwa anayi alionse anavomera kuti anagwiririrapo mkazi. Awa sanali akaidi ayi, anali amuna a m'makomo wamba.

4. Womenyera ufulu akhoza kupondereza mnzake m'gulu momwemo. Mfundo iyi ndi imene anthu a zionetsero sakonda kuimva. Pa 28 Ogasiti 1963, khwimbi la anthu linasonkhana ku Washington kudzamenyera ufulu wa anthu akuda. Rosa Parks analipo. Dorothy Height, mtsogoleri wa bungwe lalikulu la amayi akuda, analinso pompo, koma sanapatsidwe mpata wolankhula. Daisy Bates anangonena mawu ochepa, zolankhula zikuluzikulu zonse n'kupita kwa amuna. Belinda Robnett, m'buku lake la mu 1997, anasonyeza kuti amayi ndi amene ankayenda khomo ndi khomo kulumikiza gululo ndi anthu wamba, pamene maudindo ndi mayina zinkagwera abusa aamuna. Ophunzira aakazi ku South Africa anadandaula zofananazo pa zionetsero za Fees Must Fall mu 2015 ndi 2016. Kuno kwathu sitifunika buku kuti tidziwe amene amaphika nsima ya msonkhano, amene amavina pabwalo, ndi amene amagwira chimkuzamawu.

5. Riboni ndi chiyambi chabe. Pa 6 Disembala 1989, mwamuna wina anapha akazi 14 pa sukulu ya ukachenjede ya École Polytechnique ku Montreal. Mu 1991 amuna ena a ku Canada, kuphatikizapo Michael Kaufman ndi Jack Layton, anayambitsa kampeni ya White Ribbon, kulonjeza kuti sadzachita nkhanza kwa akazi ndiponso sadzakhala chete akaziona. Zinali zabwino, ndipo magulu ena anatsatira, monga Sonke Gender Justice ya ku South Africa mu 2006. Koma ofufuza atayamba kuyeza, anaona kuti kuguba ndi kuvala malaya olembedwa uthenga sikusintha zochitika kuchipinda. Chimene chinaonetsa zipatso ndi maphunziro a milungu yambiri. Ku Rwanda, pulogalamu ya Bandebereho inkasonkhanitsa abambo m'timagulu, nthawi zina pamodzi ndi akazi awo, kukambirana za mimba, kulera ana, ndalama za pakhomo ndi mikangano. Zotsatira zinatuluka mu 2018: mwa amayi 100 alionse amene amuna awo anaphunzira nawo, 33 ananena kuti anamenyedwa m'chaka chapitacho, pamene kwa amene sanaphunzire anali 57. Onetsetsani kuti oyankha anali amayi. Ndipo 33 akadali ambiri.

6. Umuna wouma mtima umapwetekanso mwini wake. M'maiko a kum'mwera kwa Africa, amuna amachedwa kukayezetsa HIV kuposa akazi, ndipo ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale. Mawu akuti mwamuna salira awaika ambiri m'manda.

7. Lamulo palokha siliteteza munthu mumsewu. Lamulo loletsa akazi kuvala mathalauzi linatha pamodzi ndi ulamuliro wa chipani chimodzi, koma mu Januwale 2012 gulu la anyamata linavula amayi ovala mathalauzi m'misewu ya Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre. Lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja tili nalo kuyambira mu 2006, la kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi kuyambira mu 2013. Inu amene mumatsogolera gulu la abambo kumpingo, kusukulu kapena kwa amfumu, musamangowerenga amene anabwera ku msonkhano. Pezani mayi wodalirika akacheze ndi akazi awo paokha, amve ngati kunyumbako kwasintha kanthu.