Kodi Nyumba Iwerengedwe Liti?

Mvula ikayamba m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, nyumba iliyonse imaulula chinsinsi chake. Ya malata imangosokosera. Koma ya udzu wakale imadontha, ndipo amayi amachezera usiku wonse kusuntha ana ndi mphasa. Nchifukwa chake lonjezo la nyumba limalowa msanga mumtima wa munthu wakumudzi. Tsono funso nali: kodi nyumba yolonjezedwa iwerengedwe liti kuti yamangidwa?

Boma la Malawi lidayamba kale kulonjeza nyumba. M'chaka cha 1964 lidakhazikitsa bungwe la Malawi Housing Corporation, koma nyumba zake zidamangidwa makamaka m'matauni. M'chaka cha 2014 boma la Peter Mutharika lidayambitsa ndondomeko ya malata ndi simenti zotsika mtengo. Lidati m'dera la phungu aliyense wa Nyumba ya Malamulo, pa madera 193 a nthawi imeneyo, mabanja 80 alandire zipangizo. Ambiri adayenera kubweza theka la mtengo wake, ndipo owerengeka okha, osaukitsitsa, adayenera kumangiridwa mwaulere.

Mlembi wa boma angathe kuwerenga maina olembedwa, kapena malata otsitsidwa pa galimoto, nanena kuti ntchito yayenda. Koma dzina lolembedwa silitchinga mvula, ndipo malata oyedzamitsidwa kukhoma sanakhale denga. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Nyumba iyenera kuwerengedwa tsiku limene banja lagonamo osanyowa. Wolamulira amene awerenga lisanafike tsikulo, ngakhale manambala ake akhale olondola, wasokeretsa anthu ake.

Komabe kuwerenga madenga otha sikukwanira, pakuti kuyenera kufunsanso kuti agonamo ndani. Mlimi wa ku Mponela amene wagulitsa fodya naumba njerwa zake savutika kulandira malata a ngongole. Mayi wamasiye wa nyumba ya mdindo, imene chiswe chadya phaso lake, alibe khoma loti lisenze malata, alibenso pobwezera. Mfumu kapena wa m'komiti akalumpha mayi ameneyu nalemba mlamu wake, chiwerengero cha boma chimakwana ndithu, koma chilungamo chaperewera. Wolandira naye ali ndi mlandu wake: akakana kubweza ngongole ali nako kothekera, nati za boma nzaulere, walanda denga la mnzake amene akadalandira pambuyo pake.

Ena adzati: “Boma ndi losauka; nyumba khumi zopita kwa aliyense ziposa kusamanga konse.” Mawuwa ali ndi nzeru, ndipo palibe wanena kuti boma limangire munthu yense. Mwamuna wamphamvu adzimangire yekha, monga adachitira makolo. Koma chinthu chikachepa mpamene kugawa kwake kufunika kusamala koposa. Papa Yohane XXIII, m'kalata yake Pacem in Terris ya 1963, adaika pogona pamodzi ndi chakudya ndi zovala pakati pa zimene munthu aliyense ali nazo ufulu chifukwa cha umunthu wake. Ngati ndi tero, woyamba kuthandizidwa akhale amene sangathe kudzithandiza.

Palinso anthu amene mabuku a malonjezo sawatchula. Ku Dzaleka, m'boma lomweli la Dowa, kumene kudali ndende ya andale m'nthawi ya Dr. Banda, kudatsegulidwa msasa wa othawa kwawo mu 1994. Malowo adakonzedwera anthu 10,000 kapena kuposerapo pang'ono, koma pofika 2023 adapitirira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. M'chaka chomwecho boma lidabwezera komweko othawa amene adakhala m'matauni. Mvula yodontha pa mwana wa ku Dzaleka ndi yomweyo yodontha pa mwana wa ku Malomo, ndipo wowerenga osowa pogona m'Dowa akasiya alendowa, wawerenga mopereweza.

Ntchito imeneyi si ya alembi a ku Lilongwe okha. Mphunzitsi wa katekisimu amayenda khomo ndi khomo, ndipo adziwa nyumba zodontha kuposa wa ku ofesi. Akhristu a mphakati uliwonse angathe kulemba chaka ndi chaka, mvula isanagwe: nyumba zolonjezedwa zingati, zatha zingati, agonamo ndani, otsala ndani. Buku lotere alitengere kwa mfumu, kwa khansala ndi kwa phungu, nafunse mwaulemu koma mopanda mantha. Ndipo poyembekeza yankho, amwete udzu, akafolere nyumba ya wamasiye, pakuti mvula sidikira msonkhano.